Kabowo ka pa chivundikiro

Dzina lakuti Khutu anawapatsa ndi anthu amene ankawakonzera njinga za injini, zija zopalasa koma zomangirira kainjini pakati. Zaka makumi awiri bambo ameneyu ankadziwa matenda a njinga isanafike n'komwe pakhomo pa shedi yake. Ikamatsokomola pamsewu, iwo ankangopendeketsa mutu n'kunena kuti, "Pulagi imeneyo." Ndipo inkakhaladi pulagi.

Koma chaka chino makutu a a Khutu anayamba kutseka, ndipo sanauze munthu. Ankaopa kuti anthu akadziwa, dzina lithera pomwepo, ntchito nayonso. Anaphunzira kuyang'ana milomo ya wolankhula ndi kugwedeza mutu mwanzeru. Ngakhale akazi awo, amene ankasoka zovala pa makina pakhonde la shediyo, a Khutu ankaganiza kuti awabisira.

Tsiku lina m'mawa wogulitsa buledi anafika akukankha njinga yake, thukuta lili kamukamu, kreti yodzaza kumbuyo.

"Yakana kulira, bambo. Ndapalasa mpaka miyendo kuwawa."

A Khutu anatsegula thanki, petulo anali wambiri. Anamasula pulagi, kuipukuta, kuigunditsa pa injini, moto unathetheka bwinobwino. Anaibwezera, n'kupalasa pang'ono, injini inalira. Iwo anaimva ndi manja, pa mahandulo. Wabuledi anathokoza n'kunyamuka.

Ola lisanathe anabwerera, akukankhanso.

Ulendo uno a Khutu anasuzumiranso m'thanki, kenako anamasula kabureta yonse, mosakanikirana petulo ndi mpweya muja, n'kuyala kachitsulo kalikonse pa nsanza yoyera mwa dongosolo lake. Anatsuka, anauzira timabowo, anamanga. Inalira. Wabuledi anapita, ndipo dzuwa lili paliwombo anatulukiranso pakona, mutu uli pansi, buledi ali yemweyo.

"Bambo, mwina ndikayese kwa anzanu a kuseri kwa msika," anatero mwaulemu. Ulemuwo ndiwo unapweteka kwambiri.

A Khutu anagwira njakata. Anakhala pa chitini chawo n'kuyang'ana njingayo ngati mlendo. Mantha anawagwira, poti anadziwa kuti yankho linalipo ndithu, likumveka penapake, koma osati kwa iwo. Posowa chochita anatambasula dzanja n'kutsegulanso thanki kachitatu.

Makina osokera anaima. Mayi anadzuka, nabwera kudzaima kutsogolo kwa amuna awo, pafupi, pamene milomo ikuoneka bwino.

"Abambo," anatero pang'onopang'ono, "kodi thanki imapuma? Nthawi zonse mukatsegula ikumachita psii, ngati botolo la zakumwa. Kachitatu aka."

A Khutu anatembenuza chivundikiro cha thankiyo m'manja. Pakati pake pamakhala kabowo kochepa ngati diso la singano, kolowera mpweya kuti petulo azitsika. Kabowoko kakatsekeka, thanki imagwira petulo, injini imafa ndi ludzu mafuta ali tho. Ukatsegula, mpweya umalowa, njinga imayenda pang'ono n'kuzimanso. Anakanda ndi chikhadabo, panatuluka zobiriwira. Ananunkhiza.

"Sopo," anatero. "Achimwene, sopo walowa bwanji muno?"

Wabuledi anadzikanda m'mutu. "Ndinamata ndine dzulo. Mvula ija ndinaona kabowo, ndinati madzi angalowe m'mafuta. Ndimati ndikuisamala."

"Mwaisamala mpaka kuitsina pamphuno," anatero mayi, ndipo wabuledi anaseka yekha mwamanyazi.

Mayi anazula singano pa bulauzi yawo n'kupatsira amuna awo. Ntchito imene inadya theka la tsiku inatha ndi kubaya kamodzi. Wabuledi anapalasa, injini inalira, ndipo sanabwererenso tsiku limenelo.

A Khutu anatsala akupukuta masipanala amene anali oyera kale. Phokoso lija akanalimva m'mawa pomwe, chaka chatha. Anadziwa zimenezo, ndipo anadziwanso kuti akazi awo sanaime kutsogolo kwawo mwangozi.

"Mayi, mwadziwa liti?"

"Kuyambira pamene munasiya kudandaula kuti makina anga akusokosera."

"Nanga osanena?"

"Mwini khutu anali asananene."

Mtima wa a Khutu unawawa, komabe unapepukako. Kubisa kunali kutawatopetsa kuposa ntchito yeniyeniyo.

M'mawa mwake anthu odutsa anaona kuti makina osokera achoka pakhonde, alowa m'shedi, pafupi ndi benchi ya zitsulo, pomwe nsalu zikhoza kudetsedwa ndi oilo. Kutali kunamveka njinga ikubwera, ikuphulika ngati chimanga chokazinga. Mayi anasiya kupalasa makina, napendeketsa mutu, kenako anatembenukira kwa amuna awo.

"Ikudumphadumpha, abambo. Ikulira katatu, n'kuphonya kamodzi."

A Khutu anatenga sipanala ya pulagi n'kukaima pakhomo kudikira.