Galu Atandiluma ku Hout Bay

Kwathu, ukapita kuchipatala ndi bala lotuluka magazi, funso loyamba limakhala la kalata ya polisi. Ndinakula ndikudziwa zimenezo, ndipo ndinabwera nazo ku Cape Town osafunsa aliyense ngati kunonso amatero.

Ndinkagwira ntchito ya m'gadeni ku Hout Bay. Lolemba lina m'mawa ndikudula mpanda wa maluwa, galu wa nyumba yoyandikana anatulukira pansi pa waya n'kundiluma pa katumba wa mwendo wamanzere. Sanauwe n'komwe. Mwini wake anangoitana galuyo n'kutseka geti, osandiyang'ana. Mpaka lero ndimapsa mtima ndikakumbukira geti lija.

Ndinamanga bala ndi nsanza n'kumaliza ntchito. Kuchipatala sindinapite, chifukwa m'mutu mwanga njira ya kuchipatala inkadzera kupolisi, pamene masiku a m'pasipoti mwanga anali atatha kalekale. Munthu wotere sadzipereka yekha kupolisi. Ndinkangotsuka balalo ndi madzi amchere.

Pofika Lachinayi mwendo unali utatupa moti nsapato sinkalowa. Mlamu wanga, amene tinkakhala naye, anayamba kusimba za munthu wina wa kwawo ku Mzimba amene anafa ndi chiwewe akuuwa ngati galu. Mlamu ameneyu nkhani zotonthoza alibe. Mkazi wanga ndiye anadula mlandu.

"Bambo, kuli bwino akubwezeni kumudzi muli moyo kusiyana n'kuti tikutumizeni m'bokosi."

Ndinalongedza kachikwama: malaya awiri, mswachi ndi Baibulo. Foni ndinasiyira mkazi wanga. Jekete langa lachikopa ndinapatsa mlamu, poti kumudzi kulibe mphepo ya kuno. Ndinatsanzika ngati munthu wosabwereranso.

Kupolisi ndinapeza mayi wachikulire ndithu pakauntala. Ndinafotokoza m'Chingelezi changa chothyokathyoka kuti ndikufuna kalata yoti akandithandizire kuchipatala. Sanandimvetse. Nditamasula nsanza ija anagwira pakamwa, kenako anandikalipira ngati amayi anga, akusakaniza Chixhosa ndi Chingelezi. Anati bala la galu umathamangira nalo kukiliniki tsiku lomwelo, kalata yake iti? Atatha kukalipa anatenga pepala. Anafunsa dzina langa, kumene ndimakhala, msewu wa nyumba ija, maonekedwe a galuyo, ndiponso ngati analumapo ena. Ine maso anali pa cholembera, kudikira funso limodzi lija. Ndinasaina, iye anandipatsa kapepala ka nambala ya mlandu n'kundilozera njira ya kukiliniki. Za pasipoti sanafunse.

Nditatuluka ndinakhala pakhonde n'kuyamba kuseka ndekha, misozi ikutsika. Mtima unapepuka moti ululu ndinauiwala. Kukiliniki anatsuka bala, kundibaya jekeseni, n'kundiuza masiku obwererako. Kapepala ka polisi, kamene ndinakatulutsa monyadira, nesi sanakayang'ane n'komwe.

Ndinafika kunyumba dzuwa likupendeka. Mlamu anali panja atavala kale jekete langa, ndipo atandiona anayamba kulivula mwamanyazi. Mkazi wanga anali atakhala pakhomo, foni yanga ili m'manja. Anandiyang'ana kumaso, n'kuyang'ana bandeji, ndipo analandira kachikwama kaja ndi manja awiri ngati ndachokera kutali.

"Takulandirani," anatero.

Analowa m'nyumba, n'kukabweza mswachi wanga m'kapu, pafupi ndi wake.