Tsiku Limene a Onjezerani Sanaitanidwe

Lolemba loyamba la mwezi watha, banki inalengeza pa chipepala chomata pachitseko kuti yatsegula Desiki Yomvetsera. Chipepalacho, chosainidwa ndi mabwana awiri ndi kudindidwa katatu, chinalonjeza kuti aliyense wotsalira pa ngongole ya khadi adzamvedwa modekha, ndipo palibe adzatuluke akudandaula.

Mmodzi mwa amene anawerenga mpaka chidindo chomaliza anali a Onjezerani, ogulitsa nsapato zakale m'kashopu kamalata kuseri kwa depoti ya basi. Dzina lawo lenileni analiiwala ndi akazi awo omwe. Kwa zaka makumi awiri akhala akuuza wogula aliyense kuti, "Onjezerani pang'ono, bwana," ndipo pang'ono ameneyo waphunzitsa ana atatu.

Khadi logulira zinthu pangongolelo analitenga chaka chimene akazi awo anachitidwa opaleshoni. Mayiwo anachira n'kunenepa. Ngongole nayo sinafune kutsalira. Makalata oyamba anali aulemu, otsatira a zilembo zofiira, omaliza otchula zolanda katundu wa m'shopu. Pamenepo mpamene tulo tinatha, pakuti nsapato zimenezo ndiye munda wawo ndi penshoni yawo.

Anagulitsa njinga ndi wailesi yakanema, mlamu wawo n'kuponyapo kangachepe, ndalama zinakwana theka la ngongole ndendende. Anazibisa m'sokosi.

"Abambo ake, akakanena theka mukangopereka," anatero akazi awo pakhomo.

"Iwe, ine ndine wa pamsika. Mtengo woyamba amavomera ndi mlendo."

Ku banki anatenga nambala, nakhala maola atatu pampando wozizira. Pa desiki ija anapeza mtsikana wa magalasi, wa msinkhu wa mwana wawo woyamba.

"Bambo, kompyuta ikuti mukalipira theka lero, zotsalazo tikukhululukirani. Koma mwayiwu umaperekedwa kamodzi."

Sokosi inawayabwa. Komabe mawu oti "kamodzi" amawadziwa bwino. Iwo eni amalumbira kuti "mtengo womaliza" kakhumi dzuwa lisanafike pamutu.

"Theka, chemwali? Mukufuna ndizikagona pa depoti? Kotala."

"Si ine, bambo. Ndi kompyuta."

"Iuzeni kuti ndili ndi ana. Kaya iyo ilibe abale?"

Mtsikanayo anaseka, kenaka anatsitsa mawu. "Ndikukupemphani, ngati muli nazo, perekani."

A Onjezerani anamva mawu a wogulitsa amene watsala pang'ono kugonja. Choncho anachita zimene makasitomala awo amawachita tsiku ndi tsiku. Anaimirira, anapukusa mutu mwachisoni, nayamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kukhomo. Lamulo la pamsika n'lodziwika: wogulitsa amakuitana usanaponde kasanu, wouma mtima amadikira kasanu ndi kawiri. Ataponda kakhumi anawerama kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale. Kumbuyo kwawo kabelu kanalira, n'kuitana nambala yotsatira. Mlonda anawatsegulira chitseko, nawafunira ulendo wabwino.

 Madzulo akazi awo anangoyang'ana mwendo wotupa ndi ndalama uja, n'kubwerera kukhitchini.

M'mawa mwake anali woyamba pamzere, ndalama zili m'manja.

"Pepani, bambo," anatero mtsikana uja, maso ali pansi. "Kompyuta inalemba kuti munakana. Fayilo yanu yapita kale kwa otolera ngongole."

"Sindinakane, chemwali. Ndimangoyendako pang'ono kuti mundiitane."

"Ndinaona. Koma pa fomu palibe polemba zimenezo."

Otolera ngongole anali ndi kaofesi pamwamba pa sitolo ya misomali: matebulo awiri, mafoni asanu. Bwana wawo anali munthu wansangala kwambiri. Anawatcha "achimwene," analandira theka lija ndi manja awiri, analemba lisiti, kenaka anafotokoza kuti chimenecho ndi chiyambi chabwino. Otolerawo sakhululuka, chifukwa ngongoleyo anachita kuigula ku banki, ndipo yaonjezerekako ndi mtengo wa mafoni amene akhale akuwaimbira.

A Onjezerani anapempha, anatchula opaleshoni, anatchula zaka makumi awiri. Ulendo uno sanaimirire mpaka anauzidwa kuti ofesi ikutsekedwa.

Patatha milungu itatu kunabwera lole ndi pepala la kukhoti. Nsapato mapeya mazana awiri anakazigulitsa pa okushoni, ndipo ndalama zake zinangokwanira kulipira loleyo.