Nkhadze Imene Ndinazula Kumanda

Ndikukumbukira manda a pa boma momwe analili chaka chimene dzina la Fort Johnston linafufutidwa n'kukhala Mangochi. Ndinali Sitandade 5. Mandawo anali ndi zigawo ngati tauni yeniyeniyo. Chakumsewu kunagona azungu, asilikali ndi oyendetsa sitima zapanyanja, amene malungo anawamaliza agogo athu akadali anyamata. Iwo anali ndi mpanda wawo ndi miyala yoyera yolembedwa bwino. Pakati panali Akhristu, ndi mitanda yamatabwa imene chiswe chinkadya mosasankha mpingo. Kuseri kwa mlambe kunali Asilamu, mitumbira yawo yonse yoloza kumodzi. Kumapeto kwenikweni, kumchenga, ndiko ankaika makanda.

Ana sitinkaloledwa kupondako. Koma pa sabata ya achinyamata aphunzitsi analengeza kuti kalasi yathu ikalambule manda. Makolo anang'ung'udza chamumtima, poti masiku amenewo ntchito yachitukuko sunkaikana. Amayi anangonditsina khutu n'kunena kuti ndisakatole kanthu kumeneko.

Ine ndinali mwana wokonda kuyamikiridwa, ndipo matendawa sanandithere mpaka lero. Aphunzitsi atanena kuti pasatsale ngakhale kaudzu, ndinathamangira kumchenga kuja kumene anzanga ankakuopa. Udzu unali wofika m'khosi, wonunkhira chinyontho, dzuwa likuwotcha paliwombo. Pakati pa udzuwo ndinapeza kamtengo ka nkhadze, miyala itatu itakazungulira. Ndinakadula, n'kukumba chitsa chake, utomoni woyera uli mbuu m'manja. Nthambi zake ndi miyalayo ndinaponya pamulu wa zinyalala, ndipo ndinasalaza malo onsewo ndi khasu. Aphunzitsi anaitana kalasi yonse kuti idzaone ntchito yanga.

Kunyumba ndinapeza amayi akupala chambo, ndipo ndinayamba kudzitama ndisanatule n'khasu lomwe. Nditatchula nkhadze, mpeni unaima.

"Nkhadze ya pati, iwe?"

Tsiku limenelo ndi pamene ndinamva kuti ndinali ndi mlongo wanga, Yohane, wobadwa ine ndisanabadwe, amene anangokhala masabata atatu. Sanamuikire mtanda. Amayi anabzala nkhadze ija ndi manja awo, ndipo chaka chilichonse ankapitako okha osauza munthu.

Sanandimenye, ngakhale ndinkalakalaka akanandimenya. Anasamba m'manja, anamanga chitenje, tinanyamuka. Kumchenga kuja kunali see ngati bwalo lamasewera, moti ine mwini ntchito sindinathe kuloza pamene ndinakumba. Amayi ankapita uku, kubwerera uku, akuponda mosamala. Manyazi ndi chisoni zimene ndinamva pamenepo sindinazimvenso kwina kulikonse.

Ndiye kunatulukira Che Bwanali, nkhalamba ya Chisilamu imene inkasesa manda a azungu aja chiyambire unyamata wake.

"Mama, mwataya chiyani dzuwa lonseli?"

Amayi atafotokoza, iwo anavula kofia n'kukanda kumutu.

"Kamwana kanu ndi a kalipentala kaja? Malo ndinaloza ndine."

Anakatsamira msana pamlambe, nkhope kuloza ku Shire, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono akuwerenga mapazi m'Chiyao. Anaima, anabwerera m'mbuyo pang'ono, kenako anazika ndodo yawo mumchenga.

"Mukutsimikiza, Che Bwanali?" anafunsa amayi.

"Wodziwa zonse ndi Mulungu, mama. Koma mapazi angawa akuti apa."

Amayi anagwada n'kusisita mchengawo ndi chikhatho kwa nthawi ndithu. Atadzuka anandituma kukafukula nthambi ya nkhadze pamulu paja, ndipo anati ndibzale ndine. Inaphuka mvula yotsatira.

Masiku ano mandawo simungawazindikire. Mitanda yamatabwa inatha, pali ziliza zamatailosi, zina mpaka zithunzi. Nyumba zafika kufupi ndi mlambe, ndipo akabaza amadulira njira pomwepo akuliza belu. Amayi atatisiya, ndinamangitsa kachiliza pamene Che Bwanali anazika ndodo. Odutsa amawerenga dzina la Yohane n'kukhulupirira kuti wagona pomwepo. Ine ndekha ndi amene ndimadziwa kuti mwina tinaphonya ndi phazi limodzi kapena awiri. N'chifukwa chake ndikapitako ndi tsache, ndimasesa mpaka m'mbali monse, ndipo sindilola mwana aliyense kupondamo.