Mano a M'difu ya Lole ya Mayi Wamasiye

Inu amene mumataya chinthu chikangokukanikani kamodzi, tamverani za mayi uyu.

Mwamuna wake atamwalira anamusiyira ana atatu ndi lole yakale yotuta mitengo kuphiri. Tsiku loyamba kuiyendetsa yekha, loleyo inafika pakati pa chikweza, inabuula, n'kuima. Mitengo anaitsitsira m'matope anthu akuonerera.

Alamu ake anabwera ndi wogula zitsulo zakutha.

"Mlamu, chinthuchi chafa. Tigulitse basi."

"Mundipatse mpaka Lachisanu. Ikakanika kukwera, mudzaitenge."

Makaniko woyamba anati injini yatopa. Mayiyo anakana, poti pamsewu wosalala inkathamanga bwinobwino. Anapita kwa wina, mdala wotchedwa Chipewa.

"Mayi, matayala aakuluwa anaika ndani?"

"Malemu, atatsala pang'ono kugona m'chipatala. Ankati ndi a m'matope."

"Nanga magiya a m'difu anasintha?"

"Difu n'chiyaninso? Lankhulani zomveka, bambo, dzuwa likupita!"

Chipewa anamuonetsa chibuluma cha pakati pa matayala. Anati tayala likakula limalemera kukoka, ndiye pamafunika magiya oti shafti, chitsulo chachitali chobweretsa mphamvu ya injini kudifu, izizungulira kambiri tayala likazungulira kamodzi.

Sukulu mayiyu sanapite nayo patali, koma kuwerenga zinthu ankatha. Lole ili pajeke, anakwawira pansi ndi choko n'kuika chizindikiro pashafti ndi patayala. Matayala atazungulira kamodzi, shafti inazungulira kanayi. Chipewa anati phiri limafuna kasanu.

Wogulitsa zipangizo anafuna kumupusitsa.

"Sinthani magiya a difu yakumbuyo okha, amayi. Akutsogolo ali bwino."

"Lole yanga imakoka ndi matayala onse. Mukufuna akutsogolo azithamanga, akumbuyo akukwawa, zithyolane? Bweretsani ofanana."

Anawerenga mano a giya lililonse ndi chala. Limodzi linaperewera mano awiri. Analikankhira kwa mwini wake, ndipo sanachoke pakhomopo mpaka loyenera litapezeka.

"Komatu pamsewu muziyenda ngati kamba," anatero wogulitsayo.

"Ndikuthamangira kuti? Ana anga amadya za kuphiri."

Chipewa atamanga magiya atsopanowo, Lachisanu mayiyo anapakira mitengo yodzaza. Lole inakwera pang'onopang'ono, osapuma, mpaka pamwamba. Alamu aja anangovula chisoti n'kukanda mutu. Lero mvula ikagwa, eni mitengo amafuna lole ya mayiyu, chifukwa malole enawo amatsakamira m'munsi.

Ndiye inu, musamvere aliyense wonena kuti mwatha. Gwadani pansi, muone pamene pavuta, mufunse ngakhale akusekeni. Mtima musautaye, dzukani mukwere!