Tsiku limene a Zuze ananyamula apongozi awo

Mdzukulu wanga Esinati, amene amaphunzitsa pa Chulu, amandiwerengera mabuku tikamasoka fodya m'chigafa. Ine sukulu ndinangoidutsa panja, koma makutu ndili nawo. Tamaliza atatu, onse a nkhondo zamakedzana. Ndimawakonda zedi. Mfumu ikayamba kulankhula m'bukumo ndimamulanda mawu Esinati, ndiyankhule ndine, mpaka nkhuku kubalalika. Koma chimodzi chimanditopetsa. Anthu a m'mabukuwo akamathawa nkhondo amangoliyatsa liwiro ngati alibe apongozi. Ndiye lero ndati iwe, tseka bukulo, tenga cholembera.

Kwathu kunali ku Angonia, ku Mozambiki. Ndinali nditangotha msinkhu. Mmawa umenewo tinkakonola chimanga, ine ndi achemwali anga a Malita. Mfuti inalira kumunsi kwa dimba. Phuu! Kenako zinalira zambiri. Musi ndinausiya chiimire mumtondo.

Bambo anati tsogolani, ndikupezani. Tinatsogola: ine, amayi, a Malita ndi mwana wawo Joni kumsana, ndi amuna awo a Zuze.

Tsono inu obadwa dzulo mvetsani. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anizana. Akakumana panjira, wina ankapatukira patchire. Kudyera pamodzi ayi, kukhudzana ndiye usanene. Zaka zitatu a Zuze ali pakhomo pathu, amayi ankangowadziwira kutsokomola.

Ndiye tikuthawa choncho, a Zuze patsogolo, amayi kumbuyo kutali, ine pakati ngati lamya. "Uwauze amayi afulumireko." Ndithamange. "Uwauze bambo a Joni kuti miyendo yanga si njinga." Ndithamangenso. Ulendo umenewo anzanga anayenda kamodzi, ine kawiri.

Tsiku lachiwiri amayi anaponda chitsa. Phazi linatupa ngati dzungu. Masana tinafika pamtsinje wodzaza, madzi ofiira. Kumbuyo kwathu utsi, osati patali. A Zuze anawolotsa a Malita ndi mwana, madzi akuwalekeza m'chifuwa. Anabwerera, n'kuima chotifulatira.

"Uwauze amayi kuti ndiwabereke."

Amayi anakhala pansi, miyendo tambalale. "Uwauze kuti bola ndifere pompano. Ine kumsana kwa mkamwini? Anthu adzati chiyani?"

"Uwauze kuti anthuwo anathawa onse."

Atalikirana mikono itatu yokha, akumvana bwinobwino, koma ine ndizibwerezabe, mawu aakulu uku, mawu aang'ono uku.

Esinati akuti m'buku lija ngwazi ikanangowanyamula osafunsa. Eya, m'buku. Wolembayo zovala za asilikali amazidziwa, mayina a mapiri amawadziwa, koma amayi anga sanawaone. Ukanawagwira mwamakani akanakuluma khutu, nonse n'kupita ndi madzi.

Mfuti inaliranso. Mbalame zinauluka mumtengo umene tinali pansi pake. Amayi anatulutsa kabotolo kawo ka fodya wamphuno. Fodya anatayikira pachitenje, koma iwo osadzuka.

A Zuze nawo anakhala pansi, chofulatira chomwecho.

"Uwauze kuti akatsala, inenso ndatsala. Joni akaleredwa ndi amake okha."

Awa sindinabwereze.

Amayi anayang'ana tsidya. A Malita anali ataima m'bango, akutikodola ndi manja onse awiri, mwana akulira. Amayi anawayang'ana nthawi ndithu. Kenako anamasula chitenje chapamwamba, anadzifunda mutu wonse mpaka m'mawondo, n'kudzipinda.

Mawu anatuluka m'chitenjemo. "Uwauze kuti pano pali thumba la chimanga. Ngati akulifuna anyamule."

"Uwauze kuti thumbalo ndaliona."

Analiponya paphewa. Ine ndinagwira lamba wawo kumbuyo. Madzi ozizira, miyala yoterera, mapazi anga osafika pansi. Tili pakati penipeni a Zuze anaterereka pang'ono, thumba linakuwa: "Uwauze asandigwetse!" Ine madzi ali m'kamwa ndinabwerezabe, "Akuti musawagwetse!" A Zuze, akupuma ngati ng'ombe yapangolo, "Uwauze kuti chimanga sichiyankhula."

Tsidya anatsitsa thumba lija pamthunzi mwaulemu, n'kukaima patali, akufinya malaya. Amayi anavundukula mutu, anakonza duku, anafunsa a Malita ngati mwana wayamwa. Nkhani imeneyi amayi ndi a Zuze sanaitchulepo mpaka kufa. Woyamba kuiulula ndine, ndipo Esinati akulemba uku akugwa ndi phwete.

Tinalowa m'Malawi cha ku Dedza dzuwa litapendeka. Mayi wina wosatidziwa anatibweretsera mbatata yophika m'lichero. Ndinadya ndi makoko omwe. Amayi anadyera kuseri kwa nkhokwe ya eni ake, a Zuze kutsogolo.

Kuno ku Kasungu tinabwera pambuyo pake, a Zuze atapeza malo a utenanti paesiteti ya fodya. Ndi kumene ndinakwatiwira. Koma tisanabwere tinakhala pa Dedza mvula ziwiri, kudikira bambo. Amene ankapita kumalire sabata iliyonse kukafunsa kwa ongofika kumene anali a Zuze. Pobwera ankaima kuseri kwa msasa wathu, chipewa m'manja, n'kundiitana chapansipansi.

"Uwauze amayi kuti lero ayi."