Chikondamoyo cha Bebimaro

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili giredi seveni, chaka chimene matenda a korona anatseka njira ya alendo odzaona nyama zakutchire. Kwathu ku Mnkhanya alendo akasiya kubwera, olira si antchito a m'maloji okha. Ife chinatiliza ndi dimba.

Chaka chimenecho atate sanabzale chimanga cha m'dimba monga ankachitira kale. Munthu wina wogulira ndiwo loji ina anawauza kuti azungu amakonda bebimaro, timaungu tobiriwira tatitali ngati nkhaka, ndipo anawapatsa mbewu. Atate anadzaza dimba lathu lonse la m'mbali mwa mtsinje wa Lupande. M'mawa ndi madzulo ankatunga madzi ndi ndowa padooko lomwe ng'ona inatigwirirapo mbuzi yathu yomaliza, mpaka mapewa awo anasupuka. Mbewu itayamba kubala, loji inali itatseka, ndipo foni ya wogula uja sinkapezekanso.

Bebimaro alibe chisoni. Lero ali ngati chala, mkucha wafika ngati mkono wa munthu. Tinamuphika ngati ndiwo, anali madzi okhaokha. Tinayesa kumuyanika, anawolera pamphasa. Anansi poyamba ankalandira, kenako akationa ndi dengu ankalowa m'nyumba. Atate ankabwerabe naye panjinga, n'kumuunjika pakhonde, n'kukhala pampando kuyang'ana muluwo. Anasiya kupita kutchalitchi. Chakudya ankangotsinako kawiri n'kusamba m'manja.

Chimanga cha m'nkhokwe chinali kale chochepa, chifukwa njovu zinatidyera mbali ya munda. N'chimene tinkadalira kuti chitifikitse ku zokolola zina.

Amai ali mtsikana anatsukako mapoto ku khitchini ya loji, ndipo anaona wophika akuthira bebimaro mu keke. Tsiku lina anaboola chitini ndi msomali n'kundipatsa kuti ndizipalirapo bebimaro uja. Zopalazo ankazifinya m'nsalu, n'kusakaniza ndi ufa wa mgaiwa, shuga, soda ndi mafuta ophikira. Poto ankaika pamakala, makala ena pachivundikiro. Chinkatuluka chikondamoyo cholemera, chonyowa m'kati, cha timadontho tobiriwira. Sindinama, fungo lake linali labwino.

Ine ndiye ndinkapita nacho kusukulu kukagulitsa. Mnyamata wina wa m'kalasi mwathu ananyema chidutswa, n'kuchiyang'anitsitsa.

"Iwe Esinati, mwathiramo udzu? Ichi n'cha anthu kapena cha mvuu?"

Onse anaseka. Ogula anali aphunzitsi awiri, ndipo ndikhulupirira ankangondimvera chisoni. Chotsala ndinkabwerera nacho, ndipo m'kutentha kwa kuchigwa kuno chinkasasa tsiku lisanathe. Koma amai m'mawa mwake ankaphikanso. Nkhuku zinagulitsidwa kuti pagulidwe shuga. Ine ankandituma kuchigayo pafupipafupi, ndipo potapa chimanga ndinayamba kuona pansi pa nkhokwe.

Masana ena, atate ali kudimba, ndinaponya chitini chija pansi.

"Amai, tikuthira ufa wabwino pa zinthu zoyenera kutaya. Januwale tidzadya chiyani? Kapena simuona?"

Khofi limene anandimenya ndimalimvabe m'khutu. Anakankhira dengu lonse kwa ine n'kunena kuti sindinyamuka mpaka nditalimaliza. Ndinapala mpaka mano a chitini anandidya zala, magazi n'kumasakanikirana ndi madzi obiriwira aja. Sindinalire. Nditatsala pang'ono kumaliza, amai anakhala pansi pafupi nane, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Nkhokwe ndimaiona kuposa iwe. Koma dzana ndinapeza atate ako kuseri kwa nyumba akupota chingwe. Tili ndi mbuzi ife?"

Ndinali wamkulu mokwanira kumva zimene ankatanthauza.

"Mwamuna akamaona thukuta lake likuwolera pakhonde amaganiza zoipa," anatero. "Ufa ndidzapempha kwa anthu. Atate ako ndidzawapempha kwa ndani?"

Madzulo ake ndinayang'anitsitsa. Amai anawaikira atate chikondamoyo chotentha m'mbale, n'kuwanamiza kuti kusukulu chikutha msanga. Atate anadya chidutswa chonse, n'kutola ndi nyenyeswa zomwe.

"Mwaona, amake Esinati? Mbewu ija si yoipa ayi."

Aka kanali koyamba kumva mawu awo akutuluka bwino kuchokera pamene loji inatseka. Kuyambira tsiku limenelo ndinkapala osadandaula, ndipo chotsala kusukulu ndinkachitaya kutchire ndisanafike pakhomo. Tinaphika mpaka dzuwa linaumitsa mbewuyo m'dimba.

Chimanga chinatha Khirisimasi isanafike. Mayeso ndinakhoza. Koma anzanga akuyamba giredi eyiti, ine ndinali m'minda ya eni ndi amai, kupalira kuti atipatse kachitini ka chimanga. Amai anati ndidzayamba chaka chamawa. Chaka chamawacho sichinafike. Lero ndimachapa zovala za mabanja a asilikali oteteza nyama kukampu yawo, ndipo mnyamata wondiseka uja amandidutsa panjira atanyamula mabuku.

Chimene ndinaphunzira n'chosakoma, ndipo sindichikometsera. Panyumba ya amphawi palibe chimene chimapulumuka chaulere. Wina amalipira, ndipo amasankhidwa amene akuoneka kuti apirira. Amai anayang'ana atate, anayang'ana ine, n'kuona kuti ine sindingapote chingwe. Sanalakwitse. Mwina inenso ndikanasankha chimodzimodzi. Koma munthu asandiuze kuti ndithokoze.

Atate ali moyo, ndi amphamvu, anabwerera ku chimanga chawo. Alendo akabwera pakhomo amakonda kusimba za chaka cha korona. Amati anthu ena anataya mbewu zawo kumtsinje, koma pakhomo pawo, chifukwa cha nzeru za mkazi wawo, palibe ngakhale chimodzi chimene chinatayika. Amanena zimenezi ine ndili pomwepo, ndikuwathirira madzi osamba m'manja.