Timabowo ta M'munsi mwa Khoma

Amuna anga atanditsatira ku Stoke, anabwera ndi mpeni wawo womangira nyumba, ataukulunga m'chitenje pansi pa sutikesi. Ndinawaseka. "Inu, mukuyesa ku Mangalande kulibe mipeni?" Kwathu ku Dedza anali mmisiri womveka, koma kuno ntchito sinapezeke msanga. Ine ndikapita kushifiti kosamalira okalamba, iwo ankatsala ndi mwana wathu wamkazi, n'kumangoyang'ana makoma. Zinkandipweteka kuwaona choncho.

Nyumba imene tinkachita lendi inali yakalekale, yozizira ngati mtsuko. Mwana ankagona atavala majuzi awiri. Tsiku lina poweruka ndinapeza atamata simenti timabowo tonse ta m'munsi mwa khoma.

"Omanga akuno ndi aulesi, mayi ake," anatero. "Mabowo otere ndi njira ya makoswe ndi mphepo."

Kenako anagula mathabwa a siponji otchinga kuzizira n'kumata makoma onse a chipinda cha mwana, m'mazenera n'kuika tepi. Ee, munafundadi! Ine ndinkaphika nyemba ndi kuyanika zovala m'nyumba momwemo, osadandaula. Abambo anayambanso kuimba mluzu, n'kumaonetsa abale akumudzi khomalo pafoni. Anali atabwerera m'chimake.

Dzinja lakuno lisanathe mwana anayamba kutsokomola, chifuwa chikulira ngati kamphaka. Dokotala anafunsa ngati m'nyumba muli chinyontho. Ndinakanitsitsa, ndine ndani wokayikira mmisiri?

Bambo wina wa kutchalitchi, amene wakhalitsa kuno, atabwera kudzaona mwana ananunkhiza m'chipindamo. "Achimwene, nyumba zakale zakuno zimapuma. Mukazitseka paliponse, madzi amatsalira m'khoma."

Amuna anga anatenga mpeni uja n'kukanganula thabwa la kumutu kwa bedi. Mayo ine! Kuseri kunali bii, nkhungu yokhayokha, madzi akuchita kuyenderera. Anamatula onse okha, kukana kuthandizidwa. Mwana ataima pakhomo anafunsa m'Chingerezi chake chifukwa chimene adadi akugumulira khoma lawo lokongola. Ndinatuluka, misozi inali itandipeza.

Mwana anachira. Abambo pano amanyamula makatoni kuweyahausi, kosungira katundu, ndipo kukagwa pulasitala amandiuza kuti ndiimbire eni nyumba. Mpeni uja anandipatsa m'mawa wina kutazizira, osandiyang'ana.

"Muzipalira ayezi pakhomopa," anatero, "mungaterereke."